Madola 80 a Michelle Williams

Mu Novembala 2017, mbali zina za filimu ya All the Money in the World zinafunika kujambulidwanso mwamsangamsanga. Kevin Spacey anali atachotsedwa chifukwa anthu ankamuneneza za nkhanza zogonana, ndipo Christopher Plummer analowa m'malo mwake. Michelle Williams ndi Mark Wahlberg anaitanidwanso. Williams analandira ndalama zongodyera, madola 80 patsiku, zonse pamodzi zosafika 1,000. Wahlberg anatapa madola 1.5 miliyoni. Chimene chimandiwawa n'chakuti onse awiri ankaimiridwa ndi kampani imodzi, WME.

Zinatheka bwanji? Ku Hollywood aliyense amanenerera malipiro payekha kudzera mwa omuimira, ndipo sudziwa kuti mnzako walandira zingati. Wahlberg anaumirira. Williams anadzipereka kuti filimu ipulumuke, osafunsa kanthu. Ena amati sanakakamizidwe, anasankha yekha. Ine zimenezo sizindilowa. Mtsikana amene wakula akuuzidwa kuti azithokoza pongopatsidwa mpata, kuti kutchula ndalama ndi mwano, amadzitsitsira yekha mtengo asanatsegule n'komwe pakamwa. Mabwana amadziwa bwino zimenezi, ndipo amaziwerengera.

Nkhaniyi itaphulika mu Januwale 2018, Wahlberg anapereka ndalama zonsezo ku thumba la Time's Up, lothandiza ochitidwa nkhanza zogonana kuntchito, m'dzina la Williams, WME n'kuwonjezerapo madola 500,000. Mu 2019, pa sewero la pa TV la Fosse/Verdon, Williams analipidwa mofanana ndi mnzake wamwamuna wa m'sewerolo, Sam Rockwell, ndipo anapata nalo mphoto ya Emmy.