Sidi, Lakunle na Ba Baroka: aba bantu muli nabo mu komboni

Munamvelako za The Lion and the Jewel? Ni sewero yosekesa ya Wole Soyinka wa ku Nigeria, uja anapata Nobel Prize mu 1986. Banayamba kuisewera mu 1959 ku Ibadan. Nkani ichitikila mu munzi wa Ilujinle, koma bantu bake banayi mungabapeze lelo pa Chawama olo ku George.

Yambani na Sidi, musikana wokongola kuchila bonse mu munzi. Mulendo wina anamukopa mapikicha, yachoka mu magazini. Sidi ali pa chikuto, pamene ba mfumu banabaika kang'ono chabe pa kona, pafupi na chimbuzi. Kuchoka apo Sidi anayamba kuzimvela. Imwe ba Facebook na TikTok muziba mwamene ma like yamakwezela muntu mapewa.

Lakunle ni ticha wachinyamata, wa suti yotina na chizungu cha mu dikishonale. Amufuna Sidi, koma lobola akana, ati ni kugula mukazi monga ng'ombe. Fundo iyo siyoipa, bambili banadandaulapo. Vuto ni yakuti kamwa kamene ako kauza Sidi ati bakazi bali na bongo ung'ono. Sidi amuyanka mosabisa: ngati akwatiliwa kopanda lobola, munzi uzakamba ati sanali namwali. Afuna ulemu pamaso pa bantu. Lakunle samvela, kaili ali bize kumvela mau yake.

Manje Ba Baroka. Ni mfumu ya zaka 62, bakazi ni bambili, ndipo banadyesapo chibanga wopima njila kuti njanji isapite mu munzi mwabo. Batuma mukazi wabo mukulu, Sadiku, kukafunsila Sidi. Sidi akana, ati ni bamudala. Poyamba Ba Baroka bakalipa, koma mosachedwa mutima wabo ubwela pansi. Bauza Sadiku mwachisinsi ati mpamvu za umuna zasila, baziba bwino kuti pakamwa pake sipasunga kantu. Sadiku avina na chimwemwe, auza Sidi, Sidi ayenda kunyumba ya mfumu kukaseka nkalamba. Kuja bamuonesa mashini yopangila masitampa, bamulonjeza kuti nkope yake izankala pa sitampa iliyonse. Za kusila mpamvu inali boza. Bagona naye.

Sidi abwela alila. Lakunle ati azamukwatila ndithu, koma mosachedwa aonjezapo ati manje za lobola zasila. Apo Sidi amuona bwino muntu wake, amanga katundu, ayenda kwa Ba Baroka.

Sekani, koma onani pamene nkani yagona. Sidi anakamba poyela vamene afuna. Munyamata sanamvele. Mudala anamvela, koma anali kusakila chabe potchela msampa.

Banyamata, ngati lobola yakula, tumani ba shibukombe bakakambilane, bambili bamalipila pang'ono pang'ono. Kunyoza mwambo wa musikana na chizungu sichikondi, maka maka ngati mu tumba mulibe kantu ndipo mufuna kubisa.

Basikana, mashini ya masitampa ikalipo. Lelo ibwela monga iPhone, nchito mu ofesi, olo lonjezo yakuti bazakupangani modelo. Muntu wamene aziba vamene mulakalaka sikuti akufunilani vabwino. Chenjelani futi na ba Sadiku ba mu komboni, baja ba anti bobwelesa uthenga ati bamudala ni ba bwino, bafuna chabe kucheza. Mu sewero nabo banagwilisiwa nchito osaziba, koma wamene analila ni Sidi.

Ngati muli na gulu ya drama ku tchalitchi olo ku sukulu, isakileni iyi sewero. Mukasiliza kuseka, funsani bantu ngati Sidi anasanka eka olo banamusankila. Muzaona mukangano wamene uzabuka mu holo.