Ulendo wa ku Britain: Zimene Anthu Onenepa Ayenera Kukonza Asanacoke mu Lusaka

M'nyumba zambiri za ku Libala, mu Lusaka, mumapezeka alendo ocokera ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi amene akuyembekezera tsiku lokwera ndeke. Ambiri mwa iwo ndi makolo amene aitanidwa ndi ana ao ogwira nchito ya unamwino kapena ya udokotala ku Britain, kuti akaone mdzukulu wobadwa kumene kapena akaonerere mwambo wotsiriza maphunziro. Amatsika basi pa Intercity, nakhala kwa acibale masabata angapo pamene pasipoti ndi viza zikukonzedwa. M'masiku amenewo nkhani zonse pakhomo zimakhala za mapepala. Za thupi la mlendoyo palibe amene amazichula, ngakhale kuti kwa munthu wonenepa mabvuto ambiri a ulendowu amacokera pamenepo.

Kumudzi kunenepa ndi ulemu. Mai akapita ku cikwati anzake namuuza kuti wanenepa, amaseka mokondwa, pakuti ndiko kunena kuti akusungidwa bwino. Citenje sicikana munthu, ndipo pamphasa aliyense amakhala monga mwa msinkhu wake. Mpando wa m'ndeke suli conco. M'cigawo ca mtengo wotsika, m'mene anthu ambiri amakhala, kufupika kwa mpando m'mbali ndi masentimita 43 kufikira 46, ndiko kuti rula imodzi ndi theka ya mwana wa sukulu, ndipo uku ndi uku kuli zoikapo mikono zolimba. Munthu wofuna kudziwa ngati adzakwanamo asadikire kufikira atalowa m'ndeke. Akhale pa benchi, telala wa pamsika wa Kabwata kapena wa Libala ampime m'ciuno ndi tepi yake kucokera mbali ina kufikira inzake, ndipo muyesowo aupereke kwa amene akumgulira tikiti.

Kale, pamene Zambia Airways yoyamba inali ndi ndeke yake ya DC-10 yochedwa Nkwazi, imene inabwera mu 1984, munthu ankakwera mu Lusaka natsikira ku London. Kampaniyo inatsekedwa mu 1994, ndipo British Airways nayo inaleka kubwera ku Lusaka mu 2013. Tsopano wocoka pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda amasintha ndeke panjira, ku Addis Ababa, Nairobi, Dubai, Doha kapena Johannesburg. Wodzera ku Addis Ababa amakhala m'mwamba maola ngati anai, kenaka ena ngati asanu ndi atatu. Motero mipando yofunika kuikonza ndi iwiri popita ndi iwiri pobwera, ndipo uliwonse uyenera kusankhidwa padera.

Mpando wabwino kwa munthu wonenepa ndi wa m'mbali mwa kanjira ka pakati, cifukwa angathe kuongola mwendo ndi kunyamuka osadzutsa anzake. Akakhala paulendo ndi mwamuna kapena mkazi wake, ndi bwino akhale moyandikana, pakuti coikapo mkono ca pakati pao cimatheka kukwezedwa. Ena amathamangira mipando ya pafupi ndi khomo lotulukira pangozi poona kuti kutsogolo kwake kuli malo ambiri a miyendo. Imeneyi ndi msampha: zoikapo mikono zake kawirikawiri sizisuntha, ndipo makampani ambiri salola munthu wogwiritsa lamba woonjezera kukhala pamenepo.

Lamba woonjezerayo ndiye amacititsa anthu manyazi koposa zonse. Dzina lake m'Cingerezi ndi seatbelt extender, ndipo mwana angawalembere makolo mauwa pakapepala. Ndeke zimanyamula malamba otere, salipiritsa, ndipo anchito a m'ndeke amawapereka tsiku ndi tsiku popanda kudabwa. Nthawi yoyenera kupempha ndi polowa pakhomo la ndeke, anthu asanadzaze. Alipo amene amafunda bulangete pamimba kuti abise lamba wosamanga. Kumeneko ndi kusewera ndi moyo, pakuti ndeke ikakumana ndi mphepo yoipa imagwedezeka mwadzidzidzi ndipo wosamanga lamba amaponyedwa m'mwamba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati muyeso wa telala uja waonetsa kuti mpando umodzi sukwana, makampani a ndeke amagulitsa waciwiri, koma malamulo ndi mitengo zimasiyana, ndipo nkhaniyi iyenera kutha pogula tikiti. Kuiyamba pa tsiku la ulendo, ndeke itadzaza kale, kungacititse munthu kutsala.

Mabwalo a ndeke a Dubai, Doha ndi Heathrow ndi akulu ngati tauni, ndipo kucoka pa ndeke ina kupita pa inzake ndi mtunda weniweni. Amene mawondo amawabvuta apemphe cithandizo ca njinga ya olemala kapena kagalimoto ka m'bwalo masiku awiri ulendo usanafike. Cithandizoci ndi caulere.

Pali ngozi ina yosaoneka ndi maso. Munthu akakhala malo amodzi nthawi yaitali, magazi amayenda pang'onopang'ono m'miyendo ndipo angaundane mumtsempha. Coundanaco cikathothoka ndi kukafika m'mapapo, cimapha. Mu 2007 bungwe la za umoyo la WHO linalengeza zofufuza zake zoonetsa kuti ngoziyi imawirikiza kawiri paulendo wa maola anai kapena kuposa, ndi kuti anthu onenepa ali m'gulu la amene ali pangozi kwambiri. Izi zikhudzanso ulendo wa basi wa makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata. Mankhwala ake oyamba ndi apafupi: kunyamuka ndi kuyenda m'kanjira maola awiri aliwonse, kugwedeza mapazi uli cikhalire, ndi kumwa madzi. Anthu ambiri onenepa amakana madzi poopa cimbudzi ca m'ndeke, cimene ndi cothina ndithu, koma kuthinako ndi kwa mphindi zocepa cabe. Dokotala angalangizenso za masokosi othina opangidwira ulendo, malinga akhale a muyeso woyenera. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, kapena mpweya ukayamba kubanika, ngakhale patapita masabata awiri cifikire, munthuyo apite ku cipatala tsiku lomwelo.

Libala ili pafupi ndi cipatala ca UTH ndi ca Chilenje, conco palibe cifukwa cakuti mlendo anyamuke asanapimidwe BP ndi shuga. Mankhwala a nthawi yonse ya ulendo awanyamule m'cikwama ca m'manja, ali m'mapaketi ao, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Ku England mlendo amaonedwa kwaulere ku cipinda ca ngozi, koma akagonekedwa m'cipatala amalipiritsidwa mtengo wa cithandizoco ndi theka lina pamwamba. Inshuwalansi ya paulendo ndiyo imateteza banja ku ngongole yotere, ndipo poigula matenda onse achulidwe moona, cifukwa obisika kampani imakana kuwalipira.

Za zobvala, kuzizira kwa Juni mu Lusaka sikufika pa kwa Januwale ku London, kumene dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo. Ana ambiri amauza makolo kuti jekete adzagulira konko, osaganiza kuti kholo liyenera kucoka pa bwalo la ndeke kufika kunyumba, ndiponso kuti sitolo zambiri za kumeneko zimasunga miyeso ikuluikulu yocepa. Pa salaula wa ku Soweto makhoti akulu amapezeka, ndipo amayesedwa pamwamba pa juzi, osati pa malaya okha. Manambala a pa zobvala asakhulupiridwe: diresi imene ku Britain ndi 16, ku America ndi 12, ku Germany ndi 42 kapena 44. Nsapato zikhale zoyendedwa kale ndi zotakasuka, pakuti mapazi amatupa m'ndeke.

Cimene cimadabwitsa alendo ambiri ndi cakuti ku London anthu amayenda pansi kwambiri. Njanji ya pansi pa nthaka inayamba mu 1863, ndipo masiteshoni ake ambiri ali ndi masitepe amene munthu sangawapewe. Kucokera ku Heathrow, njanji ya Elizabeth, yotsegulidwa mu 2022, ili ndi sitima zotakasuka ndi zikepe m'masiteshoni, pamene sitima za Piccadilly ndi zazing'ono. Pa zipata za matikiti pamakhala cimodzi cacikulu ca anthu a katundu, ndipo aliyense ndi wololedwa kudzerapo. Masabata oyembekezera viza ku Libala angagwire nchito pamenepa: kuyenda m'mamawa mumseu wa Chilimbulu kapena wa Burma kulinga ku Kabwata, kuyamba ndi mphindi khumi ndi kuonjezera tsiku lililonse, m'nsapato zomwezo za ulendo.

Nyumba za ku Britain nazo ndi zazing'ono, zipinda zogona zili pamwamba, masitepe ndi othina ndi otsetsereka, ndipo bafa losambira ndi lakuya ndi loterera. Bedi la munthu mmodzi ndi masentimita 90 m'mbali, la anthu awiri 135. Mwana amene waitana kholo ayenera kuuzidwa zoona za mawondo ndi msana, kuti akonze pogona pansi ngati kungatheke, kapena apemphe cipinda ca pansi ku hotela.

Mlendo adziwenso kuti moni wa kumudzi uja sagwira nchito kumeneko. Kuuza mpongozi kapena mnansi wa ku Britain kuti wanenepa ndi kumtukwana. Ndipo popeza kholo limadya bwino ndi kuyenda pang'ono m'miyezi yozizira ya kwa mwana, muyeso wa telala wa ku Kabwata ungakhale utasintha pofika tsiku lobwerera. Tepi itengedwenso mipando ya ulendo wobwera isanasankhidwe.