Mabuku akale a GRE angasocheretse ofuna maphunziro a ku America

BLANTYRE: Ogwira ntchito m'boma amene akufuna kukachita digiri yachiwiri kapena yachitatu m'sukulu zaukachenjede za ku America akuyenera kusamala ndi mabuku omwe akuwerenga pokonzekera mayeso a GRE, kaamba kakuti mayesowa anasinthidwa mu 2011 komanso mu 2023, ndipo mabuku akaunjika amaphunzitsa zinthu zomwe zinachotsedwa kale.

Mayesowa amakonzedwa ndi bungwe la Educational Testing Service, ETS mwachidule, la ku Princeton m'dziko la America. Kuyambira pa 22 September 2023, amatenga ola limodzi ndi mphindi 58, pomwe kale ankatenga pafupifupi maola anayi.

Kwa mphunzitsi kapena kalaliki wa ku Zingwangwa, yemwe amaweruka madzulo n'kufika kunyumba kutada, nthawi yowerenga ndi yochepa kwambiri moti siyoyenera kuthera pa buku lotha ntchito.

Chigawo cha chimangirizo tsopano chili ndi funso limodzi lokha, lotchedwa Analyze an Issue, lomwe limalembedwa m'mphindi 30. Funso lachiwiri lija, lofufuza zofooka m'mfundo za munthu wina, linachotsedwa mu 2023. Malikisi amachokera pa 0 kulekeza 6.

Apa ndi pomwe anthu a m'maofesi angapunthwe ngakhale amadziwa Chingerezi. Kalata ya boma imalembedwa mosamala, mosaonetsa maganizo a mwini wake, ndipo nthawi zambiri imatha ndi kupempha bwana kuti apereke chigamulo. Chimangirizo cha GRE chimafuna kuti wolemba agamule yekha. Ayenera kunena mbali yomwe waima m'ndime yoyamba, kuiteteza ndi zifukwa, kenaka kuvomereza pomwe a mbali inayo ali ndi mfundo n'kuwayankha.

Zitsanzo sizikuyenera kukhala za ku America. Mutu ukakhala wofunsa ngati boma liyenera kupereka maphunzire aulere m'sukulu zaukachenjede, Mmalawi ali ndi chitsanzo chakupsa kale. Mu 1994 boma litachotsa fizi kupulaimale, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, koma zipinda zophunziriramo zinachepa ndipo boma linalemba aphunzitsi osaphunzitsidwa ntchito. Nkhani imodzi yomweyi ikupereka umboni ku mbali zonse ziwiri, ndipo wochonga amayamikira chitsanzo chotambasulidwa chotere kuposa maina asanu ongotchulidwa.

Bungwe la ETS limaika poyera pa intaneti mndandanda wa mitu yomwe funsoli limachokerako, choncho njira yabwino ndi kusankha mutu, kutchera wotchi ndi kulemba. Chimangirizochi chimalembedwa pa kompyuta yomwe sikonza masipelo, kotero wozolowera cholembera kapena kutumiza zolemba kwa mlembi ayambiretu kuphunzira kutaipa.

Kumbali ya mawu, mafunso ofuna mawu otsutsana ndi ofananiza mawu awiriawiri anachotsedwa mu August 2011. Lero chigawochi chili ndi mafunso 27 m'magawo awiri: mafunso 12 m'mphindi 18, kenaka 15 m'mphindi 23. Gawo lachiwiri limalimba kapena kufewa molingana ndi mmene munthu wachitira pa loyamba, ndipo malikisi amachokera pa 130 kufika pa 170.

Mawu amayesedwa ali m'chiganizo. Pa mafunso ena munthu amadzaza mipata, umodzi kufikira itatu, ndipo akalakwitsa umodzi wataya funso lonse. Pa ena amasankha mawu awiri mwa asanu ndi limodzi omwe angapatse chiganizo tanthauzo lofanana. Kuloweza mndandanda wa mawu ngati kolasi kumathandiza pang'ono chabe. Chimene chimapindula ndi kuwerenga nkhani zazitali za sayansi, mbiri ndi chuma, kulemba mawu achilendo m'kope pamodzi ndi chiganizo chomwe apezekamo, ndi kuyang'anitsitsa timawu monga "although" ndi "however" tomwe timatembenuza ganizo. Yankho lolakwika silichotsetsa malikisi, choncho palibe chifukwa chosiyira funso losayankhidwa.

Kuyambira mu 2020 mayesowa akhoza kulembedwera kunyumba, koma pamafunika chipinda chomwe muli wolemba yekha, kompyuta ya kamera ndi intaneti yodalirika. M'nyumba zalendi za ku Zingwangwa, Ndirande kapena Bangwe, komwe makoma ndi ogundana ndipo magetsi amatha kuthima, izi n'zofunika kuziganizira ndalama isanaperekedwe, poti malipiro ake ndi a madola.

Zotsatira zimagwira ntchito kwa zaka zisanu, choncho wodikira chilolezo cha tchuthi cha maphunziro kuchokera ku unduna wake akhoza kulemberatu. Koma ayambe wafunsa sukulu yomwe akufuna, popeza kuyambira nthawi ya Covid-19 madipatimenti ambiri ku America analeka kukakamiza mayesowa.