Pa Ilala Kupita ku Likulu la a Jumbe

Tchuthi chikayandikira makolo ambiri kuno kwa Chowe timaganiza zotumiza ana kwa achibale ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti akaone nyumba zosanja. Palibe cholakwa pamenepo. Koma ulipo ulendo wina umene timaunyalanyaza chonsecho njira yake ili pakhomo pathu. Tikunena za kukwera sitima ya pamadzi ya Ilala ku Monkey Bay kupita ku Nkhotakota, mzinda umene udali likulu la mafumu a Chiswahili otchedwa a Jumbe. Nzoona kuti pa basi munthu amafikako msanga. Komatu wofika pamadzi amaliona gombe lija monga mmene adalionera anthu amene adafikitsa Chisilamu kumeneko, ndipo mwana saiwala mbiri imene waiona ndi maso.

Sitima yake

Ilala idapangidwa m'chaka cha 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Adaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, naimanganso kuno, ndipo idayamba ntchito mu 1951. M'litali mwake ndi mamita pafupifupi 52. Dzina lake idatengera ku kasitima kamene amishoni a ku Scotland adalowa nako m'nyanja yathu mu 1875, kamenenso kadatchulidwa dzina la dera la Ilala ku Zambia, kumene David Livingstone adamwalirira mu 1873.

Ulendo wathu umayambira pa mlatho wa Shire. Tikangooloka kulowa pa boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi pali chikwangwani chokumbukira anthu 145 amene adamira pamene sitima ya Vipya idagubuduzika kumpoto kwa nyanja mu July 1946. Aimitseni ana pamenepo awerenge. Nyanja si dziwe losewerera, makamaka m'miyezi ya May mpaka August pamene mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu. Amene muli ndi ana aang'ono kapena agogo ofooka sankhani miyezi ina.

Kwa zaka zambiri mwambo wa Ilala wakhala wonyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa, kuima m'madoko osiyanasiyana monga Nkhotakota, Likoma ndi Nkhata Bay mpaka ku Chilumba, kenaka n'kubwerera. Koma sitimayi ndi nkhalamba tsopano, nthawi zina imaima kuti ikonzedwe, ndipo masiku ndi madoko ake amasintha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Yambani mwafunsa ku doko musanagulitse mbuzi yopezera ndalama ya tikiti.

Swala pamadzi

Funso loyamba la Msilamu ndi la Lachisanu. Mashehe ambiri kwathu kuno amatsata chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chimene chimati mwamuna amene akuyenera kuswali Jumu'a asayambe ulendo kutacha tsikulo, pokhapokha ngati akaipeza swalayo panjira kapena pali vuto lenileni. Njira yapafupi ndiyo kuchoka pakhomo Lachinayi n'kukagona ku Monkey Bay. Mukatero Lachisanu likupezani muli kale a paulendo, ndipo wapaulendo amaswali Dhuhr m'malo mwa Jumu'a.

Chipembedzo chathu chidampeputsira wapaulendo. Mtunda ukapitirira makilomita pafupifupi 80, monga uliri wa ku Nkhotakota, swala za Dhuhr, Asr ndi Isha zimafupikitsidwa kukhala rakaa ziwiriziwiri. Nkololedwanso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, ndiponso Maghrib ndi Isha. Za Qibla musade nazo nkhawa. Kuchokera kuno mzinda wa Makka uli kumpoto, kupendekera pang'ono chakum'mawa, kotero sitima ikalunjika kumpoto Qibla imakhala chakutsogolo kwake. Ikakhota, inunso mutembenuke. Ngati mafunde akukanikitsani kuima, swalini chokhala.

Nyamulani mkeka woswalirapo, birika la madzi a wudhu, bulangeti la usiku ndi kamba wokwanira. Pa za ndiwo, amene safuna chikaiko asankhe nsomba kapena nyemba. Ana aphunzitseni dua imene Mneneri Nuhu (A.S.) adanena pokwera chombo, yopezeka mu Surat Hud. Akumbutseninso kuti Asilamu oyamba kusamuka ku Makka, cha m'ma 615, adaoloka Nyanja Yofiira pa chombo kupita ku Habasha, kumene mfumu ya Chikhristu idawalandira. M'sitimamo mudzakhala moyandikana ndi Atonga, Atumbuka, anthu a ku Likoma ndi azungu odzaona dziko. Ulemu wanu ndiwo udzawauze kuti Msilamu ndi munthu wotani.

Kufika ku Nkhotakota

Kawirikawiri sitima imafika usiku kapena m'bandakucha, ndipo imaima patali ndi gombe chifukwa madzi ndi osaya. Anthu amatsikira m'maboti aang'ono. Pamenepa mpofunika kudekha. Abambo agwire ana kumanja, amayi amange katundu bwino, ndipo pasakhale kukankhana. Pomaliza mwina mudzaponda m'madzi, choncho nsapato zikhale m'thumba.

Pa gombe limenelo ndi pamene Salim bin Abdallah, wamalonda wochokera kugombe la Zanzibar, adakhazikika cha m'ma 1840. Iye ndiye Jumbe woyamba. Adakhoma zombo za matanga zooloka nyanja, ndipo iye ndi omtsatira ake adamanga mzikiti, nafalitsa kuwerenga zilembo za Chiarabu ndi ulimi wa mpunga umene Nkhotakota akutchuka nawo mpaka lero. Livingstone adafikako mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mtengo wa mkuyu umene akuti adakumanirapo ndi Jumbe amauonetsa kwa alendo. Jumbe wachitatu adachita pangano ndi Harry Johnston mu 1889. Wachinayi adachotsedwa pampando ndi Angerezi mu 1895 natumizidwa ku Zanzibar, ndipo ufumuwo udathera pomwepo. Pemphani akuluakulu a mzikiti akuperekezeni kumalo a mzikiti wakale ndi kumanda a a Jumbe.

Zoti tiwauze ana

Tikaima pa gombelo tisabise mbali ina ya mbiriyi. Zombo zomwezo zimene zidabweretsa aphunzitsi, nsalu ndi mikanda zinkabwerera zitadzaza minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo. Anthu zikwizikwi adaolotsedwa kupita tsidya la kum'mawa, nayenda wapansi mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri adafera m'njira. Kwathu kunonso zidali chimodzimodzi. Mfumu Makanjira idalowa Chisilamu cha m'ma 1870, a Mponda ndi a Jalasi nawonso adatsatira, ndipo m'midzi mwawo mudakhala alembi ndi aphunzitsi a Qur'an. Koma mafumu omwewa adali m'kati mwa malonda a akapolo kufikira nkhondo za pakati pa 1891 ndi 1895.

Mwana wathu akapita kusukulu amakamva kuti Aluya ndi Ayao ankagulitsa anthu. Ngati kunyumba tidangomuuza zokoma zokhazokha, amabwerako ali ndi manyazi, mwinanso kuyamba kukaikira zonse zimene tidamphunzitsa. Nkwabwino amve kwa ife makolo ake, tili naye pamalo pomwe zidachitikira. Timuuze kuti kugwira mfulu n'kumgulitsa ndi tchimo limene Mtumiki Muhammad (S.A.W.) adalidzudzula kolimba, kuti kumasula kapolo ndi ntchito yotamandika m'Chisilamu, ndiponso kuti Bilal, woitanira swala woyamba, adali kapolo amene Abu Bakr adamuombola. Amene adachita malondawo adakopeka ndi chuma, ndipo chiweruzo chawo chili kwa Allah. Ambiri mwa ife tikafufuza bwino mtundu wathu tidzapeza kuti tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri, ogulitsa ndi ogulitsidwa.

Timuuzenso za anthu amene adayenda njira yomweyo kufunafuna maphunziro, monga Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda amene adakaphunzira ku Kilwa nabwerera kudzaphunzitsa m'mbali mwa nyanja ino. Madrasa amene ana athu amapitako madzulo ndi zipatso za anthu otere.

Ulendowu sufuna chuma chambiri. Mabanja awiri kapena atatu atha kusonkherana, kukwera kalasi yotsika mtengo popita, n'kubwerera pa basi kudzera ku Salima. Makomiti a mizikiti ndi aphunzitsi a madrasa aganizirepo zotenga ana okulirapo chaka chilichonse, pamodzi ndi shehe wodziwa mbiri. Mukabwerako tilembereni zimene ana anu adafunsa panjira, kuti Insha Allah tidzaziyankhe m'magazini yotsatira. Allah akusungeni pamtunda ndi pamadzi.