Zimene Mbewa Zikutiphunzitsa pa Matenda a Maganizo

Mu 1957 mliri wa chimfine unakuta dziko lonse. Mu 1988 ofufuza analengeza kuti ku Helsinki, m'dziko la Finland, matenda a schizophrenia anachulukirapo pakati pa anthu amene amayi awo anali ndi pakati pa miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi nthawi ya mliriwo. Wodwala nthendayi amamva mawu omwe ena sakuwamva, amakhulupirira zinthu zomwe palibe, ndipo amadzipatula. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti munthu mmodzi mwa 300 aliwonse ali nayo.

Kodi chimfine cha mayi chingakhudze bwanji ubongo wa mwana? Poti munthu sangamudwalitse dala, asayansi anatembenukira ku mbewa. Mu 2003 gulu la Paul Patterson ku Caltech, ku America, linapatsa mbewa za bere kachilombo ka chimfine. Ana ake anabadwa ooneka bwinobwino, koma atakula ankachita mantha pamalo achilendo ndipo sankayandikira kwenikweni mbewa zinzawo. Panalinso china. Mbewa yathanzi ikamva kaphokoso kakang'ono kenako phokoso lalikulu, sidzidzimuka kwambiri chifukwa ubongo wachenjezedwa kale. Mbewa izi zinkadzidzimukabe, monga amachitira odwala schizophrenia ambiri.

Chodabwitsa n'chakuti zizindikiro zotere zinaonekanso pamene mbewa za bere zinangobayidwa mankhwala otchedwa poly I:C, omwe alibe kachilombo koma amautsa chitetezo cha m'thupi. Choncho vuto silinali kachilombo kokha ayi, koma nkhondo yomwe thupi la mayi limamenya. Mu 2007 gulu lomweli linaonetsa kuti puloteni ya IL-6 ndiyo ili patsogolo: itatsekerezedwa, ana anakula popanda zizindikirozo.

Mbewa si munthu, ndipo sizingatiuze ngati zikumva mawu. Amayi ochuluka amene amadwala ali oyembekezera amabereka ana amene sadwala nthendayi, pakuti chibadwa ndi zina za m'moyo zimatengapo mbali.

Komabe phunziro lilipo. Mayi woyembekezera ayambe sikelo msanga, azigona m'neti, azidya zamagulu onse, ndipo thupi likatentha athamangire kuchipatala osadikira mawa. Abambo, muperekezeni. Ndipo wachibale akayamba kulankhula yekha kapena kuopa anthu, tisathamangire kunena kuti walodzedwa. Ubongo ndi chiwalo cha thupi: umadwala, ndipo chithandizo chake chilipo. Timutengere kuchipatala mwachikondi, tisamunyoze kapena kumumanga zingwe.