Laputopu ya Ubuntu ikakana kuona Wi-Fi

Kuno ku Dedza achinyamata ambiri amagula malaputopu akale ochokera ku Joni n'kuikamo Ubuntu, poti ndi yaulere. Zonse zimayenda bwino, koma Wi-Fi osaoneka. Ena amathamangira kunena kuti phiri likutchinga netiweki. Phirilo tilisiye kaye, tiyambe taona m'makinamo.

Ine ndimayamba n'kutsegula Terminal n'kulemba rfkill list. Pakatuluka mawu akuti Hard blocked: yes, nthawi zambiri ndiye kuti kabatani ka m'mbali mwa laputopu kapena batani la Fn lazimitsa Wi-Fi, ndipo driver alibe mlandu. Ngati si zimenezo, lembani lspci -nn kuti mudziwe kadi ya Wi-Fi yomwe ili m'katimo. Makadi ena a Broadcom, monga BCM43142, amafuna driver yemwe Ubuntu samuika yokha chifukwa cha laisensi yake.

Apa ndi pomwe anthu amagwira njakata: driver ali pa intaneti, intanetiyo mulibe. Tengani foni yokhala ndi bandulo ya TNM kapena Airtel, ilumikizeni ndi chingwe, yatsani USB tethering. Kenako tsegulani Software & Updates, pitani pa Additional Drivers, sankhani driver wa Broadcom.

Ngati Secure Boot ndi yoyatsa, mudzafunsidwa kupanga password. Laputopu ikayakanso, padzabwera sikirini ya buluu. Musaidumphe mwaphuma, sankhani Enroll MOK n'kulemba password ija, apo ayi kernel idzamukana driver watsopanoyo.