Kupeza mlangizi wa zachuma pamene m'thumba muli mochepa

Mlangizi wa zachuma ndi munthu amene amaunika ndalama zimene wina amapeza, ngongole zake ndi katundu wake, kenaka n'kumuuza njira yosungira kapena yochulukitsira chumacho. Ku Malawi akatswiri otere amapezeka kwambiri m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, ndipo maso awo amakhala pa mabungwe ndi anthu a chuma chambiri. Mphunzitsi wa kupulayimale kapena mayi wogulitsa kaunjika, amene ndalama yake yotsala pamwezi sifika patali, kawirikawiri amakumana ndi mlangizi wa mtundu wina, amene amabwera yekha osaitanidwa, mafomu ali m'manja.

Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa uphungu umene umatchedwa waulere umakhala ndi woulipira. Wogulitsa inshuwalansi amalandira komishoni, kutanthauza gawo la ndalama limene kampani imamupatsa pa munthu aliyense amene wasayina, choncho chakudya cha pakhomo pake chimadalira kusayinako. Zimenezi sizimusandutsa wabodza, ndipo inshuwalansi ya maliro yapulumutsa mabanja ambiri ku manyazi, koma n'kovuta kuti munthu wotere ayamikire za kampani ina, kapena kuti auze wina kuti ayambe wabweza ngongole ya katapila asanagule chilichonse, ngakhale kuti palibe malo osungira ndalama amene phindu lake lingafike pa chiwongoladzanja cha katapila. Funso loyamba, limene ambiri amachita nalo manyazi, ndi lofuna kudziwa amene amamulipira mlangiziyo ndiponso kuti amamulipira motani.

Funso lachiwiri ndi la chiphaso. Lamulo la Financial Services Act la 2010 linaika Gavanala wa Reserve Bank of Malawi kukhala woyang'anira mabanki, makampani a inshuwalansi ndi penshoni, ma SACCO ndi ogulitsa masheya, kotero aliyense ali ndi ufulu wopempha kuona chiphaso ndi kukatsimikiza ku bankiyo. Wolonjeza pa WhatsApp kuti ndalama ichuluka kawiri pamwezi umodzi, bola munthu abweretse anzake atatu, chiphasocho alibe.

Uphungu wambiri umene wopeza zochepa amafunikira uli m'malo amene amalipirako kale. Wolembedwa ntchito amadulidwa K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake kupita ku penshoni, bwana wake n'kuwonjezera K10, ndipo kampani yosunga ndalamazo ili ndi udindo womufotokozera zimene zasonkhana ndi kulemba amene adzalandire iye akadzamwalira, nkhani imene mabanja ambiri amaikumbukira maliro atachitika kale. Ma SACCO, omwe ndi mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama amene eni ake ndi mamembala omwewo, ambiri ali pansi pa MUSCCO, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1980, ndipo amaphunzitsa mamembala awo kasungidwe ka ndalama. Wofuna masheya, omwe ndi tizigawo ta umwini wa kampani, amadzera kwa wogulitsa masheya (broker) wovomerezeka ndi msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, koma ndalama yopita kumeneko isakhale ya fizi kapena ya feteleza.

Muyeso wabwino wa mlangizi ndi mmene amalankhulira za kukwera mitengo kwa zinthu. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anasunga ndalama pa chiwongoladzanja chochepa anapeza kuti chiwerengero cha m'buku chakwera pamene matumba a chimanga amene ndalamayo ingagule achepa. Mlangizi wotchula phindu lokha, osaliyerekeza ndi kukwera kwa mitengoko, wanena theka la nkhani. Theka linalo limabisala m'malemba ang'onoang'ono a fomu, makamaka pa chilango cha wosiyira panjira, popeza inshuwalansi yosungirako ndalama ikasiyidwa m'zaka zoyambirira imabweza zochepa kuposa zimene munthu anaperekamo, ndipo amene amagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri ndi wa ndalama zobwera mwa apo ndi apo, monga mlimi wa fodya wolandira kamodzi pachaka.